Wa-Tho-Huk, Amene Dziko Limamudziwa Kuti Jim Thorpe

Mpira umene ana athu amathamangitsa pamabwalo a sukulu ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano ndi wa miyendo, ndipo ambiri a ife sitinaonepo mpira wa ku America ukuseweredwa, ngakhale pa kanema. Komabe munthu amene tikusimba mbiri yake muno anadya thukuta lake pa mpira wachilendowo, m'masiku amene masewerowo anali atangoyamba kukhala ntchito yolandirapo malipiro. Dzina lake lodziwika ndi Jim Thorpe. Tamuika m'kabuku ka aphunzitsi chifukwa cha masukulu amene anamulera, pakuti anali masukulu omangidwa ndi cholinga chozula mwa mwana chiyankhulo cha amayi ake, dzina la makolo ake ndi mwambo wa kwawo. Amene akukonzekera kuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri achita bwino kudziwa chimene masukulu oterewo anapatsa mwana wawo wotchuka koposa, ndiponso chimene anamumana.

Thorpe anabadwa mu Meyi 1887 pafupi ndi pamene lero pali tauni ya Prague, m'chigawo cha Oklahoma ku United States. Panthawiyo deralo linkatchedwa Indian Territory, ndipo nkumene boma linkaunjikirako mitundu ya eni nthaka litailanda malo ake. Azungu oyamba kufika ku America anatcha anthu onsewa Amwenye poganiza kuti afika ku India, ndipo dzina lolakwikalo linakanirira, chikhalirecho anthuwo anali mitundu mazanamazana, uliwonse ndi chiyankhulo chake. Mtundu wa Thorpe umatchedwa Sac and Fox, ndipo chiyankhulo chake ndi Sauk. Kwawo kwenikweni kunali kumpoto, kufupi ndi nyanja zikuluzikulu. Mtsogoleri wawo wankhondo, Black Hawk, atagonjetsedwa mu 1832, mtunduwo unakankhidwira ku Iowa, kenaka ku Kansas, ndipo mu 1869 unafikitsidwa ku Indian Territory.

Bambo ake, a Hiram Thorpe, anali mlimi ndi woweta akavalo, munthu wamphamvu zoopsa ndi waukali, wobadwa kwa mzungu ndi mayi wa mtundu wa Sac and Fox. Amayi ake, a Charlotte Vieux, anali ndi magazi a mtundu wa Potawatomi ndi a Afalansa, ndipo anali Mkatolika wolimbikira. Jim anabadwa mapasa ndi mbale wake Charlie. M'buku la ubatizo analembedwa kuti Jacobus Franciscus, koma kumudzi anapatsidwa dzina lakuti Wa-Tho-Huk, limene tanthauzo lake ndi njira yowala. Amasimba kuti pamene ankabadwa, mphezi inaunikira kanjira kopita kunyumba kwawo. Chiwongo chake chinali cha Bingu, chiwongo cha Black Hawk yemwe uja. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Mphunzitsi wa kuno sadzalephera kupeza m'kaundula wake mwana wolembedwa João kapena Maria amene akaitanidwa satembenuka, popeza kwawo ndi Mavuto kapena Chisomo, ndipo agogo ake akamamuthokoza amatchula chiwongo chake. Mwana wotere amafika pakhomo la kalasi ali kale ndi dzina, mbiri ndi chiyankhulo.

Ubwana wa mapasawo unali wa kutchire ndi kumtsinje: kusaka, kuwedza, kusambira, kugwira akavalo olusa ndi kupikisana pothamanga. Atakwanitsa zaka pafupifupi 6 anatumizidwa kusukulu yogonera komweko ya boma, kufupi ndi Stroud, makilomita oposa 30 kuchokera kwawo. Kumeneko belu ndilo linkalamula kudzuka, kudya, kugwira ntchito ndi kugona, ndipo Chingerezi chokha ndicho chinkaloledwa. Charlie ankachita bwino m'kalasi ndipo ndiye ankamulimbitsa mtima Jim, amene mtima wake unali kunja kwa mawindo. Mapasawo ali ndi zaka 9, Charlie anadwala chibayo namwalira. Kuyambira pamenepo Jim sanafunenso kukhala pasukulupo. Ankathawa wapansi mpaka kwawo, bambo ake nkumubweza, iye nkuthawanso.

Atatopa naye, a Hiram anamutumiza kutali, ku Haskell Institute mumzinda wa Lawrence ku Kansas, kuti asathenso kupeza njira ya kwawo. Uko nkumene anaonera koyamba mpira wa ku America, koma nakonso anathawako. Posakhalitsa amayi ake anamwalira ndi matenda a uchembere. Mu 1904 anatumizidwa ku Carlisle Indian Industrial School ku Pennsylvania, ndipo chaka chomwecho bambo ake anamwalira ndi chilonda chimene anavulala nacho kosaka nyama. Pofika zaka 17 anali mwana wamasiye kotheratu, wopanda mbale wake wamapasa, ali mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera kumanda a abale ake.

Sukulu ya Carlisle tiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa inakhala chitsanzo cha masukulu ena ambiri a mtundu wake. Anaitsegula mu 1879 ndi msilikali, Richard Henry Pratt, m'nyumba zakale za asilikali. Pratt sankadziona ngati mdani wa eni nthaka. Ankakhulupirira kuti ana awo ndi anzeru ngati ana a azungu, koma kuti adzapulumuka pokhapokha chilichonse cha kwawo chitaphedwa mwa iwo. Choncho mwana akangofika ankametedwa tsitsi, kuvulidwa zovala za kwawo, kuvekedwa yunifolomu yonga ya asilikali, ndipo amene analibe dzina lachizungu ankapatsidwa. Ankajambulidwa chithunzi pofika ndi china patapita nthawi, kuti boma ndi opereka ndalama aone kusinthako. Wolankhula chiyankhulo cha kwawo ankalangidwa. Theka la tsiku linali la m'kalasi, theka lina la ntchito zamanja, ndipo maphunziro a m'kalasiwo sankapitirira kwenikweni a pulayimale. Thorpe anaikidwa kosoka zovala. Panalinso dongosolo lotumiza ana kukagwira ntchito m'minda ndi m'nyumba za azungu pa malipiro ochepa, ndipo Thorpe anathera nthawi yaitali ya zaka zake zoyamba akulima ndi kusesa kwa eni ake. Ana zikwizikwi a mitundu yoposa 100 anadutsa pasukuluyo isanatsekedwe mu 1918. Ena sanabwererenso kwawo, ndipo kumanda a sukuluyo kunaikidwa ana oposa 180.

Nanga nchifukwa chiyani Pratt anafuna kuti anawo akhale kutali chonchi ndi kwawo? Yankho lake tili nalo pakhomo pathu pomwe. Angoni a Maseko anafika m'mapiri ano ndi nthungo ndi zishango, nakhazikika cha ku Domwe, nagonjetsa anthu amene anawapeza. Komabe patangopita mibadwo yochepa, chiyankhulo chimene anachoka nacho kummwera chinatsala m'nyimbo za ngoma, m'ziwongo ndi m'mawu owerengeka, chifukwa ana ankayamwa chiyankhulo cha amayi awo, amene ambiri anali Achewa ndi a mitundu ina yogonjetsedwa. Ogonjetsa anagonja pamtondo ndi pamafuwa. Pratt anaidziwa mphamvu imeneyi. Anaona kuti mwana wobwerera kwa amayi ake madzulo alionse sangaiwale chiyankhulo chawo, choncho anachotsa mayi m'moyo wa mwanayo, namusakaniza ndi ana a mitundu ina kuti pasakhale chiyankhulo china chomvanirana kupatula Chingerezi.

Masukulu a nthawi ya atsamunda kuno sanafanane ndi Carlisle m'zonse, pakuti ana ambiri ankagona kwawo, koma muzu wa maganizo unali umodzi. Malamulo a boma la Apwitikizi ankalola chiyankhulo cha anthu pophunzitsa za chipembedzo, pamene maphunziro ena onse ankayenera kukhala m'Chipwitikizi, ndipo mpaka 1961 munthu wakuda wofuna kuwerengedwa ngati nzika ankayenera kusonyeza kuti amalankhula Chipwitikizi ndipo wasiya makhalidwe a makolo ake. Akuluakulu ena akukumbukirabe thabwa lija lomenyera m'manja. Ufulu utabwera mu 1975, Chipwitikizi chinakhalabe chiyankhulo chokhacho cha m'kalasi, mpaka pamene ntchito yoyeserera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997. Ntchito imene tikuikonzekerayi ndi yanthete ndithu poyerekeza ndi maganizo amene ikufuna kuwongola.

Tibwerere kwa mnyamata wosoka zovala uja. Tsiku lina mu 1907 anadutsa pabwalo pamene anzake ankayesa kudumpha ndodo yopingasa, onse nkumalephera. Iye, ali m'zovala zake zogwirira ntchito, anadumpha mamita 1.75 kamodzi kokha. Nkhaniyo inafika kwa mphunzitsi wa masewera, Glenn Warner, amene ambiri ankamutcha Pop. Poyamba Warner anamufuna pa zothamanga ndi zodumpha zokha, poopa kuti mpira ungamuthyole mafupa. Mantha akewo anali ndi chifukwa. Mpira wa ku America ndi wooneka ngati dzira, ndipo umanyamulidwa m'manja. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11. Wonyamula mpira amathamangira kumzere wa kumapeto kwa bwalo, adani ake nkumayesetsa kumugwira ndi kumugwetsa pansi, anzake nkumawatchinga ndi matupi awo. Mapointi amapezekanso pomenya mpirawo ndi mwendo kuti udutse pakati pa mitengo iwiri, pamwamba pa mtanda. M'chaka cha 1905 chokha masewerowa anapha anyamata oposa khumi, mpaka pulezidenti Theodore Roosevelt analowererapo kuti malamulo asinthidwe. Thorpe anaumirira, ndipo amasimba kuti pomuyesa anadutsa timu yonse kawiri popanda womugwetsa.

Timu ya Carlisle inali ya sukulu yaing'ono, koma inkapikisana ndi mayunivesite akuluakulu a dzikolo, ndipo anthu ankakhamukira kukaona ana a eni nthaka akulimbana ndi ana a anthu olemera. Ndalama za pakhomo zinali zambiri. Osewera ankagona m'nyumba yawoyawo, ankadya bwino kuposa anzawo, ndipo ankapatsidwa ndalama ndi mphatso mwakachetechete, zimene kafukufuku wa nyumba ya malamulo anaziulula mu 1914. Tizisunge zimenezi, pakuti zidzafunika kutsogoloku. M'chilimwe cha 1909 ndi cha 1910 Thorpe anapita ku North Carolina kukasewera baseball, masewera omenya kampira kolimba ndi ndodo, m'matimu ang'onoang'ono a ku Rocky Mount ndi ku Fayetteville. Malipiro ake nthawi zina ankangokhala madola awiri pa masewera amodzi. Ophunzira ambiri a m'mayunivesite ankachita chimodzimodzi patchuthi, koma iwo ankadziwa kuti nkoletsedwa, choncho ankalembetsa maina abodza. Thorpe analembetsa dzina lake lenileni.

Atabwerera ku Carlisle mu 1911 anali atakhwima, wamtali ndi wojintcha, ndipo zaka ziwiri zotsatirazo ndizo zinamukweza pamwamba. Pa 11 Novembala 1911 Carlisle inakumana ndi Harvard, yunivesite yakale ndi yolemekezeka koposa m'dzikolo, imene timu yake inali pakati pa matimu oopsa. Thorpe anasewera mwendo wake uli womangidwa ndi bandeji, komabe anamenya mpira kanayi konse nudutsa pakati pa mitengo, ndipo Carlisle inapambana 18 kwa 15. Chaka chimenecho timuyo inapambana masewera 11, nigonja kamodzi kokha. Ankathamanga ndi mpira, kuuponya, kuumenya ndi kugwetsa adani, zonse munthu mmodzi, pakuti masiku amenewo wosewera ankakhala m'bwalo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mu Julayi 1912 anapita ku Stockholm, ku Sweden, kumasewera a Olimpiki. Analowa mipikisano iwiri yoyesa munthu pa zinthu zambiri nthawi imodzi. Pa wa masewera asanu anapambana anayi, nakhala wachitatu poponya nthungo, luso limene anali atangoliphunzira kumene. Wa masewera khumi unatenga masiku atatu, ndipo aka kanali koyamba kuti iye aulowe. Mkati mwa mpikisanowo nsapato zake zinasowa. Anavala ziwiri zosiyana zimene zinapezeka mwamsangamsanga, ina yaikulu kotero kuti anachita kuwonjezera sokosi. Chithunzi chake atavala nsapatozo chilipo mpaka lero. Anapambana ndi mapointi oposa 8,400, kusiya Hugo Wieslander wa ku Sweden ndi mapointi pafupifupi 700. Mfumu Gustav V inamuveka mamendulo awiri agolide. Pobwerera, mzinda wa New York unamulandira ndi chionetsero cha mumsewu, m'dziko limene eni nthaka ambiri sanawerengedwe ngati nzika mpaka lamulo la 1924.

Chaka chisanathe panachitikanso china. Pa 9 Novembala 1912 Carlisle inapita ku West Point kukasewera ndi sukulu ya asilikali a United States. Panali patangopita zaka 22 chichitikireni zoopsa za ku Wounded Knee, kumene asilikali a boma anapha amuna, akazi ndi ana a mtundu wa Lakota oposa 200. Anyamata a ku Carlisle sanafunikire wowakumbutsa zimenezo. Anapambana 27 kwa 6. Mmodzi mwa amene anayesa kumugwira Thorpe tsikulo anali Dwight Eisenhower, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa dzikolo.

Tsoka silinunkha. Mu Januwale 1913 nyuzipepala ya Worcester Telegram inalemba kuti ngwazi ya ku Stockholm inalandirapo ndalama posewera baseball. Mlandu wonse unagona pa liwu limodzi, limene m'Chingerezi amati amateur, m'Chipwitikizi amador. Tiyese kulimasulira m'chiyankhulo chathu, tiona kuvuta kwake. Tinganene kuti wosewera mwachisangalalo, kapena wosalandira malipiro, koma mwana wochenjera adzafunsa kuti cholakwika nchiyani munthu akalandira malipiro pa ntchito imene waikhetsera thukuta. Funsolo ndi labwino, ndipo kuliyankha kumafuna kufotokoza mbiri ya liwulo: lamuloli linakulira pakati pa anthu olemera a ku England, amene ankatha kusewera osadandaula za chakudya, ndipo linkatchinga anthu ogwira ntchito zamanja kuti asapikisane nawo. Mwana akhoza kuloweza liwu lachilendo, kulilemba molondola, ngakhale kulisainira pansi pake, koma osadziwa msampha umene uli m'kati mwake. Kudziwa kotereku kumabwera pamene wina wakhala naye pansi nkumufotokozera m'mawu amene amaganizira, iye nkumafunsa mopanda mantha. Carlisle inali ndi nthawi yophunzitsa Thorpe kumenya mpira kuchokera pakati pa bwalo, koma malamulo amene ankalamulira moyo wake ankasungidwa ndi akuluakulu m'maofesi.

Thorpe analemba kalata kwa James Sullivan, mlembi wa bungwe la Amateur Athletic Union, yovomera kuti analandiradi ndalamazo. M'kalatamo anapempha chifundo ponena kuti anali chabe mwana wa sukulu wa Chimwenye wosadziwa zinthu zoterezi, ndipo anasonyeza kuti akuluakulu a sukulu sankadziwa kanthu. Olemba mbiri ambiri amakhulupirira kuti kalatayo inakonzedwa ndi Warner pamodzi ndi mkulu wa sukuluyo, Moses Friedman, ndi kuti Warner ankadziwa bwino kumene wosewera wake anathera zilimwe ziwiri zija. Ife tikaiganizira kalatayo, chimatiwawa nchakuti mwamuna wa zaka 25, amene anayamba sukulu ali ndi zaka 6, anafunikira ena kuti amuikire mawu m'kamwa, ndipo mawuwo anali omuchepetsa iye ndi kuyeretsa iwo. Sukulu imene inkapatsa osewera ake ndalama kuseri inasamba m'manja. Mamendulo analandidwa naperekedwa kwa Wieslander ndi kwa Ferdinand Bie wa ku Norway, ndipo dzina la Thorpe linafufutidwa m'mabuku. Komatu malamulo a masewera a 1912 ankanena kuti dandaulo lililonse liperekedwe pasanathe masiku 30 masewerawo atatha, ndipo ili linabwera patapita miyezi isanu ndi umodzi. Palibe anamuwerengera ndime imeneyo.

Atachotsedwa pagulu la osalandira malipiro, anayamba kusewera poyera kuti apeze chakudya. Anachoka ku Carlisle nalowa timu ya baseball ya New York Giants mu 1913, ndipo anasewera m'ligi yaikulu mpaka 1919, ku Giants, ku Cincinnati Reds ndi ku Boston Braves. Pa baseball anali wabwino koma sanali wopambana onse. Kwawo kwenikweni kunali pa mpira uja. Masiku amenewo mpira wolandirapo malipiro unkanyozeka poyerekeza ndi wa m'mayunivesite. Unkaseweredwa Lamlungu m'matauni a mafakitale a ku Ohio, pamaso pa anthu ogwira ntchito m'zitsulo amene ankabetcherana ndalama zawo. Mu 1915 Jack Cusack, mkulu wa timu ya Canton Bulldogs, analonjeza Thorpe madola 250 pa masewera alionse. Anzake anamuyesa wamisala, pakuti nthawi imeneyo madola asanu patsiku amene Henry Ford ankalipira antchito ake ankaonedwa ngati malipiro odabwitsa. Koma Cusack anawerengera bwino. Kale kunkabwera anthu pafupifupi 1,200, koma Thorpe atayamba kusewera polimbana ndi Massillon Tigers, adani awo a tauni yoyandikana nayo, kunafika 8,000. Canton inakhala akatswiri mu 1916, mu 1917 ndi mu 1919, Thorpe ali wosewera komanso mphunzitsi wa timuyo.

Matimuwo ankalandana osewera sabata ndi sabata, ndipo malipiro ankakwera mopanda malire. Pofuna kukonza zimenezi, oimira matimu anakumana pa 17 Seputembala 1920 m'nyumba yogulitsiramo magalimoto ya Ralph Hay ku Canton. Mipando inachepa, ena nakhala pamapondero a magalimoto ogulitsawo. Anakhazikitsa bungwe la American Professional Football Association, nasankha Thorpe kukhala pulezidenti wake woyamba. Tisanamizane kuti anamusankha chifukwa cha luso loyendetsa ofesi. Chimene ankafuna ndi dzina lake, limene linali lodziwika m'dziko lonse. Chaka chotsatira udindowo unapita kwa Joe Carr, ndipo mu 1922 bungwelo linasintha dzina kukhala National Football League, limene lero lili m'gulu la mabungwe a masewera olemera koposa padziko lapansi.

Zaka za 1922 ndi 1923 zili ndi nkhani yoseketsa ndi yomvetsa chisoni pamodzi. Walter Lingo, woweta ndi kugulitsa agalu a mtundu wa Airedale m'kamudzi ka LaRue ku Ohio, anayambitsa timu ya eni nthaka okhaokha yotchedwa Oorang Indians, naika Thorpe patsogolo. Cholinga chake chinali kutsatsa agalu. Pa nthawi yopuma, osewerawo, ambiri a iwo ophunzira akale a ku Carlisle ndi ku Haskell, ankavala nthenga ndi zikopa, kuvina magule a makolo, kuponya mipeni ndi kuonetsa luso la agaluwo. Magule ndi zovala zimene kusukulu ankalangidwa nazo ali ana, tsopano zinali malonda osangalatsa owonera. Timuyo inapambana masewera anayi okha m'zaka ziwirizo. Tizikumbukire zimenezi pamene ana athu aitanidwa kudzavina ngoma pamaso pa alendo olemekezeka patsiku la chikondwerero, pasukulu pamene masiku ena onse chiyankhulo cha nyimbo zawo sichimveka m'kalasi.

Thorpe anapitiriza kusewera m'matimu osiyanasiyana mphamvu zikutha pang'onopang'ono, ndipo masewera ake omaliza anali a Chicago Cardinals mu 1928, ali ndi zaka 41. Chaka chotsatira chuma cha America chinagwa. Munthu amene anavekedwa mamendulo ndi mfumu anakumba ngalande, analondera pazipata, ndipo ku Hollywood ankalembedwa ganyu yooneka pang'ono m'mafilimu, kawirikawiri ngati mfumu ya Amwenye. Kumeneko anamenyera nkhondo anzake, kuti mbali za eni nthaka ziziseweredwa ndi eni nthaka enieni ndi kuti azilipidwa mofanana ndi azungu. Masewera a Olimpiki atabwera ku Los Angeles mu 1932 analibe ndalama yolowera, mpaka wachiwiri kwa pulezidenti, Charles Curtis, amene nayenso anali ndi magazi a mtundu wa Kaw, anamuitana kudzakhala naye. Sitibisa kuti mowa unamusautsa kwambiri, ndipo maukwati ake awiri oyamba anatha. Imfa ya mwana wake woyamba wamwamuna ali wamng'ono inamusiyira bala limene silinapole. Mu 1950 atolankhani a Associated Press anamusankha kukhala katswiri woposa onse wa masewera m'zaka 50 zoyamba za m'ma 1900, ndipo mu 1951 panatuluka filimu ya moyo wake imene Burt Lancaster anasewera ngati iye. Nthawi yomweyo mwini wakeyo anagonekedwa m'chipatala ndi khansa ya pamlomo monga wodwala wosatha kudzilipirira.

Anamwalira ndi mtima pa 28 Malichi 1953 ku Lomita, ku California. Mtembo unapita ku Oklahoma, ndipo abale ake a mtundu wa Sac and Fox anayamba mwambo wa maliro monga mwa makolo awo, woperekeza mzimu wa womwalira. Mwambowo uli mkati, mkazi wake wachitatu, Patricia, anafika nachotsa bokosi, atakwiya kuti boma la Oklahoma lakana kupereka ndalama zomangira chipilala. Kenaka anagwirizana ndi matauni awiri ang'onoang'ono a ku Pennsylvania, Mauch Chunk ndi East Mauch Chunk, amene chuma chawo cha malasha chinali chitagwa ndipo ankafuna chokopa alendo. Mataunio anaphatikizana mu 1954 natenga dzina lakuti Jim Thorpe, ndipo anamuika kumeneko, kumalo kumene iye sanapondeko ali moyo. Aliyense wa kuno amene anaonapo mmene banja limavutikira kuti mtembo wa mbale wofera ku Johannesburg ufike kumudzi, adzamvetsa chimene ana ake anamva.

Mlandu wa mamendulo sunaole. Avery Brundage, amene anapikisana ndi Thorpe ku Stockholm nagonja, anatsogolera komiti ya Olimpiki ya dziko lonse kuyambira 1952 mpaka 1972, ndipo nthawi yonseyo anakana kumva pempho lililonse. Mu 1963 Thorpe anaikidwa m'gulu loyamba la ngwazi zolemekezedwa m'nyumba ya chikumbutso cha mpirawo ku Canton. Ana ake, pamodzi ndi wolemba mbiri yake Robert Wheeler ndi Florence Ridlon, anapitiriza kugogoda, ndipo Ridlon ndiye anapeza kabuku ka malamulo a 1912 kokhala ndi ndime ija ya masiku 30. Mu 1982 komitiyo inabweza dzina lake, koma monga wopambana pamodzi ndi Wieslander ndi Bie, ndipo mu Januwale 1983 ana ake analandira mamendulo osulidwa kumene. Mu Julayi 2022, patatha zaka 110, ndi pamene inalengeza kuti Thorpe ndiye yekha anapambana mipikisano iwiri ija. Mu Okutobala 2024 pulezidenti Joe Biden anapepesa m'dzina la boma chifukwa cha masukulu ogonera a mtundu wa Carlisle.

Chiyankhulo cha Sauk, chimene munachokera dzina lakuti Wa-Tho-Huk, chatsala ndi okalamba owerengeka ochilankhula bwino. Mtundu wa Sac and Fox, umene likulu lake lili kufupi ndi Stroud komwe kuja, unakhazikitsa nthambi yophunzitsa chiyankhulocho, kumene achinyamata amakhala pansi ndi okalambawo kuti atole mawu asanapite nawo kumanda. Mafupa a Thorpe sanabwerere. Mwana wake Jack anakasuma mu 2010 kuti bambo ake akaikidwe kwawo. Khoti loyamba linagamula mokomera banjalo mu 2013, khoti la apilo linatembenuza chigamulocho mu 2014, ndipo mu 2015 khoti lalikulu la dzikolo linakana kumva mlanduwo. Manda ake akadali m'mbali mwa msewu ku Pennsylvania, ndipo pansi pake anathirapo dothi lotengedwa ku Oklahoma ndi lina la pabwalo la ku Stockholm.